Nandolo pa Sola

Ku Mbulumbuzi mukangotchula Thokozile wa a Albertina, aliyense ali nayo yake nkhani. Ena amati anakwatiwa ndi mzungu ndipo akumubisa ku Lilongwe. Ena amati ayi, amuna amamuopa chifukwa amakwera pa denga atavala buluku. Azimayi a ku limana la ku tchalitchi ndiye amati ngakhale madzi osamba amachita kumutenthetsera ndi dzuwa. Koma zoona zake n'zakuti Thokozile ankakhala yekha m'kanyumba ka lendi ku Area 25. M'menemo munali mipando iwiri, ndipo wachiwiriwo ankangoikapo chikwama.

Njira yake inali yaitali ndithu. Pulayimale anaphunzira konkuno, sekondale kwa masisitere, kenako za magetsi ku Blantyre. Atamaliza anatha zaka zinayi akukwera madenga a tizipatala ku Nsanje ndi ku Chitipa, kuika masola kuti azamba asiye kubereketsa ataluma tochi ya foni. Kenako anapita chaka chathunthu ku dziko lozizira kukawonjezera sukulu, n'kubwerako ndi chijekete chachikulu komanso chizolowezi chodya ataimirira. Pobwerapo anamulemba ntchito a bungwe lina la kunja loona za madzi ndi mphamvu ya dzuwa. Kulikonse kumene ankachoka ankasiyako anzake, mpaka foni yake inadzaza ndi manambala a anthu oti sangawaimbire popanda chifukwa.

Tsono kunatuluka mwayi. Bungwelo linkafuna munthu woti akakhale ku Kigali n'kumayang'anira ntchito za maiko asanu, ndipo bwana wake, mayi Amira, anamuuza mosabisa kuti mpandowo ndi wake ngati kapampu kake kapambane mayeso. Kapampuko anakakonza yekha Thokozile: sola imodzi, pampu yaing'ono m'chitsime, thanki, ndi mpopi pakhomo. Anakaika pa nyumba khumi ndi ziwiri. Opereka thandizo anati iwo akufuna nyumba khumi zoti zayenda bwino miyezi itatu, ndipo nyumba iliyonse izimwa yokha madzi ake, kuti adziwe madzi amene banja limodzi limafuna. Ziwiri zinagwa msangamsanga. Kwina chitsime chinaphwa, kwina akuba anazula sola ndi mtengo wake womwe. Zinatsala khumi ndendende, ndipo yakhumiyo inali ya amayi ake.

Nyumba imeneyo anachita kuchonderera kuti ilowe m'mayesomo. A Albertina ankakhala okha chimwalirireni amuna awo, a Mikaele, ndipo kuseri kwa nyumba kunali chitsime chakuya chimene malemuwo anakumba. Phewa litayamba kuvuta, a Albertina anasiya zokoka chingwe n'kumapita ku mjigo ndi kandowa kakang'ono, katatu pa tsiku. Thokozile zinkamuwawa zimenezi. Mwana woika madzi m'midzi ya eni, mayi ake n'kumapindabe nkhata? Tsiku lotsegulira anawapatsa kiyi wa loko wa pa mpopi, n'kuwauza kawiri katatu kuti kwa miyezi itatu asatungitse munthu wina aliyense, kuopa kuti manambala angasokonekere. A Albertina anamanga kiyiyo pa nsonga ya chitenje, n'kungoti amva.

Pa pampu iliyonse panali kabokosi kotumiza uthenga ku ofesi. Ndiye m'mawa uliwonse Thokozile akafika ku ntchito, asanamwe ndi tiyi yemwe, ankatsegula kompyuta n'kuyang'ana nyumba nambala teni. Pa kompyutapo pankaoneka mizere iwiri. Mzere wachikasu, wa sola, unkakwera dzuwa likamakwera. Wabuluu unkadumpha mpopi ukatsegulidwa. Ukadumpha m'mamawa ankadziwa kuti amayi adzuka, atunga osamba. Ukadumpha cha m'ma leveni, ndiye kuti ateleka ndiwo. Lamlungu unkagona mpaka masana chifukwa ali ku tchalitchi. Sanauzepo munthu, koma mzere wabuluuwo ndiwo unali kucheza kwake. Paja a Albertina pa foni sankachedwapo: moni, nkhuku zili bwino, mayunitsi akuthera, tsala bwino.

Kutatsala masabata awiri kuti miyezi itatu ikwane, mzere wachikasu unagona. Unkangodzuka pang'ono dzuwa likangotuluka, cha m'ma seveni n'kugwa, osadzukanso mpaka madzulo. Thokozile anayamba waganiza za chiperoni, koma unali mwezi wa Sepitembala, kumwamba kuli mbee. Anaimba foni. Amayi ake anati iwo sakudziwa, mwina changofa chokha, zinthu za azungu zimatero. Fumbi akupukuta? Akupukuta. Nanga madzi akumwa kuti? Ku mjigo, ndipo asadandaule. Tsiku lachisanu mayi Amira anaima kumbuyo kwa mpando wake, nayang'ana mzere uja nthawi yaitali. Anati masiku ochepa angathe kuwafotokozera kwa opereka thandizo, koma zikadutsa sabata nambala teni ichoka pa mndandanda. Thokozile anakwera basi ya m'mawa mwake, Lachiwiri.

Ku Limbe anasintha n'kukwera minibasi ya msewu wa Zomba, ndipo pa Mbulumbuzi anakwera kabaza ya a Jeremiah, amene kale ankaimba kwaya ndi bambo ake. A Jeremiah analankhula njira yonse. Mavenda a nandolo akuba pa sikelo, mwana wa akatekisiti wathawa ndi wogulitsa zigumu, abambo mfumu atsopano amalalika ngati akuthamangira basi. Koma Thokozile atafunsa za amayi ake, iwo anangoti ali bwino, masiku ano akumaoneka ku mjigo, basi n'kumangopalasa. Ndipo a Jeremiah akakhala chete ndiye kuti nkhani ilipo.

Pakhomo anapeza potseka. Anazungulira kuseri, n'kuima. Solayo anaiika pa mtengo waufupi dala, kuti munthu wachikulire azifikira popukuta. Pamwamba pake panali chiguduli choyalidwa bwinobwino, miyala inayi m'makona, ndipo pa chigudulipo panali nandolo.

Thokozile anaseka yekha mpaka anagwira thanki. Basi ya maola asanu, chifukwa cha nandolo. Anakokolola nandoloyo n'kumuthira m'lichero, nachotsa chiguduli, ndipo pompo pampu inayamba kulira m'chitsime muja.

Posakhalitsa a Albertina anatulukira, kandowa kali pamutu, akung'ung'udza nyimbo ya Maria. Ataona mwana wawo nyimbo inathera pomwepo. Anatula ndowa, namutulutsira mpando wa alendo, iwo n'kukhala pa mphasa, n'kuyamba kufunsana moni ngati anthu a mipingo iwiri. Kenako Thokozile anawafotokozera pang'onopang'ono, ngati mmene ankachitira m'misonkhano ya m'midzi, kuti sola si thandala, imadya dzuwa, ukaiphimba pampu imagona ndipo thanki siidzaza. A Albertina anati pepa, anangoona kuti m'posalala, m'potentha, komanso nkhuku sizifikapo. Anati amva. Thokozile analembera mayi Amira kuti vuto lapezeka ndipo adzaseka akadzawauza.

Kutacha anadzuka mochedwa chifukwa cha kutopa. Potuluka anapeza amayi ake kulibe, kandowa kulibenso, pampu ili zii. Chiguduli chinali chitabwerera pamalo pake, miyala inayi, nandolo pamwamba. Asanachite kanthu anatapa nandoloyo m'dzanja n'kuluma mmodzi. Anali gwa, ngati mwala. Wina anali ataboola kale anankafumbwe. Nandolo ameneyu anali wa chaka chatha, sankafunanso dzuwa la munthu.

Sanachotse chiguduli. Anamanga chitenje pamwamba pa buluku, natenga chigubu, n'kutsetsereka kulowera ku mjigo.

Mwezi umenewo mjigo unkatulutsa madzi ngati ukuumira, ndiye ndowa zinali ndandanda mpaka pa mtengo wa mango. Azimayi anali gulu, nkhani zili mkati. A Albertina anakhala cha kumapeto, pa kandowa kawo kovundikira, ndipo mpata wawo ukafika ankauza wina kuti atunge, iwo sakufulumira. Sankalankhula kwenikweni, koma akaseka anzawo nawonso ankaseka. Thokozile anali asanawaone akuseka choncho chimwalirireni bambo ake.

Atangoyandikira, phokoso linazima. Amene anayamba kulankhula anali a Phyllis, mayi ake a ubatizo, amene anamunyamula pa guwa ali khanda, ndipo nyumba yawo inali yachitatu kuchokera kwa a Albertina.

"Takulandirani, abwana a madzi," anatero a Phyllis, manja ali pa mjigo. "Kiyi mwatenga? Musavutike, wathuwu ulibe loko. Amamwa ndi agalu omwe."

Azimayi anaseka chamumtima, ena n'kumayang'ana m'ndowa. Thokozile anapereka moni mwaulemu, ndipo a Phyllis anamuyankha bwinobwino, kenako n'kuyamba kufotokozera mayi amene anali pambali pawo, mokweza kuti aliyense amve, nkhani imene aliyense ankaidziwa kale. Mwezi wa Julaye mjigo unafa masiku atatu. Iwo anatenga ndowa n'kupita kwa mnzawo wa zaka makumi anayi, amene anavinidwa naye chaka chimodzi. Mnzawoyo anaima pafupi ndi thanki yodzaza, kiyi ali lende pa chitenje, n'kunena kuti mwana analetsa. Ndiye iwo, ndi mwendo wawo wotupawu, anakatunga ku dambo kumene amamwetsa ng'ombe. Anati chibadwire anamvapo za womana mchere, womana moto, koma womana madzi anali asanamuone.

Zitatero nkhani inatembenukira ku ukwati. Apa m'pamene Thokozile anamva kuti Yamiko, chitsirizira wa a Phyllis, amene iye ankamubereka kumbuyo popita ku chigayo, akukwatiwa Loweruka lomwelo. Mawa lake azimayi ayamba kuphika thobwa, migolo inayi, ndipo ankawerengana kuti uyu abwere ndi nkhuni, uyu ndi mphika, awa azitunga madzi kuyambira tambala woyamba poti mjigo ndi umenewu. Anatchulana onse mpaka mtsikana wokwatiwa dzana m'mudzimo. A Albertina, amene thobwa lawo linkadziwika mpaka ku Mauwa, sanatchulidwe.

Pobwerera mayi ndi mwana anayenda mondondozana. Atadutsa munda wa nandolo wa akatekisiti, a Albertina anayamba okha kulankhula, osacheuka. Anati chichitikireni zija palibe amene anapondapo pakhomo. Ku limana akayala mphasa yawo ankakhalapo okha. Mwezi wa Ogasiti anagona masiku atatu ndi malungo, chitseko chili chotseka, ndipo palibe anagogoda, chifukwa kale munthu ankadziwika kuti wadwala akapanda kuoneka ku mjigo.

Thokozile anawakumbuka masiku atatu amenewo. Mzere wabuluu unagona, ndipo iye analemba mu lipoti kuti madzi anagwiritsidwa ntchito ochepa.

"Ndikawauza kuti mpopi wafa, amaseka, n'kundisunthira malo," anatero a Albertina. "Madzi ndili nawo, mwanawe. Koma madzi sayankha moni."

Thokozile anati kwangotsala sabata imodzi yokha. Amayi ake anati akudziwa, akhala akuwerenga masiku pa kalendala ya ku parishi. Anati chiguduli achotsa lero lomwe ndipo sachibwezeranso, iye asataye ntchito chifukwa cha nkhalamba yofuna macheza. Za ukwatizo asaziganizire, akakhala kumbuyo m'tchalitchi, misa ikatha n'kubwerera kwawo. Kenako anafunsa ngati ku Kigali n'kutali kuposa ku Lilongwe. Atauzidwa kuti n'kwa ndege, anangoti chabwino.

Masana Thokozile anakhala pa mpando wa alendo uja, foni ili m'manja. Pampu inkalira, thanki ikudzaza. Kuchokera pakhondepo ankaona azimayi akudutsa pa njira ndi nkhuni kulowera kwa a Phyllis, ndipo aliyense akafika pa mpanda wa a Albertina ankapeza choyang'ana mbali inayo. Amayi ake anali pa mphasa, akusankha nandolo wofumbwa uja mmodzimmodzi, chonsecho sakamudya. Thokozile ankawadziwa anthu a kwawo. Loko wochotsedwa ukwati utadutsa akanati wachotsedwa chifukwa azungu alola. Ndipo munthu amene sanaitanidwe pa thobwa la mwana wa mnzake, nkhani yake imakambidwa mpaka pa maliro ake.

Anaimbira mayi Amira n'kuwafotokozera zonse, osabisa ndi za nandolo zomwe. Anapempha masiku atatu okha, anthu atunge za ukwati, kenako loko abwerere. Mayi Amira anamvetsera mpaka kumapeto. Anati zawakhudza, koma lamulo analemba ndi Thokozile yemwe, ndipo kabokosi sikanama: midzi ikatunga pamenepo, imeneyo sikhalanso nyumba imodzi. Anati adikire sabata yokhayo. Apo ayi, nyumba zisanu ndi zinayi si khumi, ndipo ku Kigali kupita Fraser wa ntchito ya mbaula.

Thokozile anathokoza n'kudula foni. Anakhala kanthawi akuyang'ana phiri la Chiradzulu, limene tsikulo linkaoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa lupsa. Anaganiza za madenga otentha a ku Nsanje, za chipinda chozizira chija kumene anatha Khirisimasi akulankhula ndi ketulo. Zonsezo zinkaloza ku mpando umodzi umenewo. Kenako anadzuka n'kupempha kiyi.

A Albertina anakana. Anagwira nsonga ya chitenje ndi manja awiri n'kunena kuti iwo sanamuphunzitse kuti adzathere pa thobwa. Thokozile anagwada pa mphasapo n'kumasula yekha mfundoyo, ndipo inali yolimba moti anachita kugwiritsa mano.

Kwa a Phyllis anapeza azimayi asanu akupeta chimera pabwalo. Anaodira, nagwada cha kumphepete pa dothi lotentha, n'kuika loko pansi patsogolo pake.

"Amayi, amene anakumanani madzi ndine, si amayi anga ayi. Iwo anangomvera mwana wopusa. Loko uja ndi uyu. Mpopi uli pomwepo, usana ndi usiku."

A Phyllis anapitiriza kupeta ngati sanamve. Anapeta lichero lonse, nakhuthula, natapanso lina. Mawondo a Thokozile anayamba kuyaka. Mayi wina anatsokomola.

"Dzuka," anatero a Phyllis pomaliza. "Mawondo a mu ofesi sachedwa kutupa, tingakulipire n'chiyani ife." Anatola loko uja, namutembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti akwana pa khola la nkhuku. Kenako anaponya mawu kudutsa mipanda iwiri: "Make Thoko, mwamva? Mawa mulawire ndi mthiko wanu waukulu uja. Atsikanawa angandipserezere thobwa."

Kwa Thokozile anangoti ukwati ndi Loweruka, koma paja abwana a madzi amakhala otanganidwa. Ndipo sananame. Madzulo omwewo uthenga unabwera woti Lachisanu akhale ali mu ofesi kuti akafotokoze.

Lachinayi m'mawa pakhomo pa a Albertina panali ndowa mpaka ku njira. Azimayi ankakangana za amene anafika poyamba, wina akufunsa ngati madzi a dzuwa satentha m'mimba. A Albertina anali pakati, mthiko uli paphewa lodwala lija, akulamula kuti aliyense atseke bwino mpopi. Thokozile atatuluka ndi chikwama, azimayi anamupatsa njira mwaulemu, n'kumufunira ulendo wabwino ngati mlendo wa boma. Amayi ake anamutapira nandolo watsopano m'kajumbo, n'kunena kuti amukhululukire, lero samuperekeza ku msewu, moto wayaka kale kwa a Phyllis.

Lachisanu zinatha mwachidule. Nambala teni inachotsedwa, Fraser anamugwira chanza mwamanyazi, ndipo mayi Amira anati alembe zimene waphunzira pa nkhani ya maloko, mwina chaka china zidzathandiza. Anawonjezera kuti nyumba yotuluka m'mayeso salipiriranso kabokosi kake, ndiye Lolemba akathimitsa.

Loweruka Thokozile anachapa, nakolopa, nasuntha mipando iwiri ija n'kuibwezera pomwe inali. Cha kumasana anakwera minibasi kupita ku ofesi. Mlonda anadabwa, koma anamutsegulira. M'katimo munalibe munthu. Anayatsa kompyuta.

Mzere wachikasu unali pamwamba penipeni. Wabuluu sunkadumphanso, unkachita kuvina. Thokozile anayandikiza mpando n'kuyamba kulota maso ali tseguka. Apa ndi otsuka mbale. Apa patalipa ndi mgolo wa ophika mpunga. Tating'onoting'onoti ndi ana akumwa ndi manja. Anaimbira amayi ake foni, ndipo inaitana nthawi yaitali. Itayankhidwa munamveka ng'oma, nthungululu, ndi mawu a a Phyllis akukalipira munthu wina za mchere.

"Ndani? Thoko? Ndili pa moto, mwanawe. Wadya?"

Asanayankhe, wina anawaitana amayi akewo, foni n'kuduka.

Anapanga tiyi n'kumwa atakhala pansi. Kunja magalimoto ankadutsa mwa apo ndi apo. Dzuwa litapendeka mzere wachikasu unayamba kutsika, koma wabuluu unali ukadali pa ntchito. Mlonda anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati atseke kapena adikire. Thokozile anati adikire pang'ono, anthu sanamalize kutunga.